Tenesi inatsala kukalabu, ntchemberembaye n'kukwera mapiri

Mukamayenda m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuchokera ku Mvera kudzera ku Kongwe mpaka kukafika kwa Malomo, simupita patali osaona mitengo iwiri ya bulugama itazikidwa pafupi ndi sukulu ya pulaimale, uliwonse uli ndi mkombero wachitsulo pamwamba. Limenelo ndi bwalo la mpira wa ntchemberembaye. Bwalo la tenesi ndiye ine sindinalionepo kwathuko ndikukula. Mukafunsa chifukwa chake, yankho limabwera msanga: tenesi ndi masewera a azungu komanso a anthu a ndalama. Yankholi si labodza, koma ndi loperewera, chifukwa ntchemberembaye nayo inachokera kwa azungu omwewo, m'dziko lomwelo la England, m'zaka zoyandikana. Ine ndikuona kuti kusiyana kuli pa anthu amene ananyamula masewerawa. Ena ananyamulidwa ndi aphunzitsi, ena ndi mabwana a kukalabu.

Tenesi ya pakapinga inayamba ngati malonda. Mu 1874 msilikali wina wopuma, Major Walter Clopton Wingfield, analembetsa masewerawa ngati nzeru zake n'kuyamba kugulitsa bokosi lokhala ndi ukonde, mitengo yake, malaketi ndi mipira. Ogula anali mabanja okhala ndi kapinga wosalala kuseri kwa nyumba ndi wantchito womutchetcha. Pofika 1877 mpikisano wa Wimbledon unali utayamba, nawonso pakalabu.

Ntchemberembaye inabadwira m'kalasi. Basiketibo itayambika ku America mu 1891, inafika pakoleji ya Martina Bergman-Österberg ku England, imene inkaphunzitsa atsikana kukhala aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi. Ophunzira ake anaisintha pang'onopang'ono, ndipo mu 1901 bungwe la aphunzitsi oterewa, Ling Association, linasindikiza malamulo oyamba. Tangoganizani: aliyense amene ankaphunzira masewerawa anali munthu woti mawa lake akaima pamaso pa ana makumimakumi. Masewera oterewa sakanatha kukhala malo amodzi.

Kuno ku Nyasaland njira ziwirizi zinapitirira kusiyana. Tenesi inafikira m'makalabu a azungu, monga Blantyre Sports Club imene inakhazikitsidwa mu 1896 ndi Gymkhana Club ya ku Zomba. Munthu wakuda ankalowamo kukasesa bwalo, kutola mipira ndi kuperekera tiyi. Nthawi yomweyo, m'mapiri athu kunkachitika zina. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misasa ku Mvera, m'dziko la Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe kwa Msakambewa, kumene lero kuli sekondale yodziwika ndi dzina lake, ndipo mu 1896 kunabwera Nkhoma. Mphamvu ya mishoni imeneyi sinali panyumba za njerwa za pasiteshoni, inali pa timasukulu ta m'midzi, kalikonse kali ndi mphunzitsi wachikuda wogona m'mudzi momwemo. Sindikunena kuti Murray ndi Vlok anabwera ndi mpira wa ntchemberembaye m'katundu wawo, poti mu 1889 masewerawo anali asanabadwe n'komwe. Chimene anasiya ndi msewu wa masukulu ndi aphunzitsi, ndipo masewera alionse amene anadzalowa m'manja mwa mphunzitsi pambuyo pake anayenda pamsewu umenewo mpaka kumudzi wotsiriza.

Zipatso zake tonse tikuzidziwa. Timu ya Queens inakhala pa nambala 5 pampikisano wa dziko lonse ku Auckland mu 2007. Mu 2015 ku Sydney, Mwai Kumwenda, amene anayambira pabwalo la fumbi ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pampikisano wonse. Mu 2016 atsikanawa anakhala achitatu pampikisano wa Fast5 ku Melbourne, ndipo mu 2018 anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pamasewera a Commonwealth ku Gold Coast. Timakonda kunena kuti ndi luso lobadwa nalo. Koma kuseri kwake kuli aphunzitsi a timu ngati Griffin Saenda, uja ankamutcha Zagallo, amene anakhala zaka zambirimbiri akuumba osewera pakalabu ndi patimu ya dziko. Kuseri kwa Saenda kulinso amadamu zikwizikwi a kupulaimale amene maina awo sanalembedwepo munyuzipepala. Kusukulu kwathu kunali amadamu ena amene anagwira timu zaka zonse zisanu ndi zitatu zimene ine ndinakhala pamenepo. Ankadziwa mtsikana woti adzakhala woponya zigoli akadali Sitandade 4, ndipo ankayenda wapansi kukapempha makolo kuti amulole kupita kumasewera a kuzoni nthawi yosoka fodya.

Kodi tenesi ingayende njira yotereyi? Dziko limene linayesa zimenezi mwamphamvu ndi America, kumene tenesi ya m'makoleji ndi mpikisano waukulu pansi pa bungwe la NCAA. Kumeneko masewera a munthu mmodzi anawasandutsa a timu. Masukulu awiri akakumana, pamakhala masewero atatu a awiriawiri amene onse pamodzi amabereka pointi imodzi, ndi masewero 6 a mmodzimmodzi, alionse pointi yake. Timu yoyamba kupeza mapointi anayi ndiyo yapambana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Katswiri wa nambala 1 akapambana, pointi yake ndi imodzi basi, yofanana ndi ya mnyamata wa nambala 6 amene akusewera kubwalo lakumapeto kopanda oonerera. Mphunzitsi amene wagula nyenyezi imodzi n'kuiwala enawo amagonja. Wopambana ndi amene wathera zaka akukweza osewera apakati, kudziwa amene angagwirizane akaikidwa awiri, ndi kuonetsetsa kuti onse akukhoza mayeso, chifukwa wolephera m'kalasi saloledwa kusewera.

Chitsanzo chimene chimandikoka mtima ndi cha munthu wa kuno kummwera kwa Africa. Craig Tiley, wobadwira ku Durban, anatenga timu ya yunivesite ya Illinois kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ili yongogonja. Illinois ndi dera lozizira, kumagwa chipale miyezi ingapo pachaka, pamene zikho za tenesi zinkapita kawirikawiri kumasukulu a kotentha ngati a ku California. Zinamutengera zaka pafupifupi khumi. Mu 2003 timu yake inasewera maulendo 32 osagonja ngakhale kamodzi, n'kutenga chikho cha NCAA itagonjetsa Vanderbilt 4 kwa 3 mundime yomaliza. Onani kusiyana kwakeko: pointi imodzi yokha, imene ikanatha kutayika pabwalo lililonse mwa mabwalo aja. Chaka chomwecho Amer Delic anatenga chikho cha mmodzimmodzi, Rajeev Ram ndi Brian Wilson n'kutenga cha awiriawiri. Mu 2005 Tiley anapita kukagwira ntchito ku Tennis Australia, koma chimene anamanga sichinagwe. Kevin Anderson wa ku Johannesburg anasewera pa Illinois pambuyo pake, ndipo anadzafika mundime yomaliza ya US Open mu 2017 ndi ya Wimbledon mu 2018.

Mkulu wa onse pantchitoyi, Dick Gould wa ku Stanford, anakhala pampando zaka 38, kuyambira 1966 mpaka 2004, n'kutenga zikho 17. Koma choyamba chinabwera mu 1973. Kuno kwathu, kumene kochi amachotsedwa akagonja kawiri motsatizana ndipo mphunzitsi wa masewera amasamutsidwa timu itangoyamba kumumvera, Gould akanapakira katundu chikho asanachinunkhize. Mlimi wa fodya wa ku Mponela amadziwa bwino zimenezi kuposa akuluakulu a masewera: mbande siizulidwa panazale sabata iliyonse kuti aone ngati mizu yagwira.

Anansi athu a ku Zimbabwe anapindula ndi makoleji a ku America amenewa, ngakhale kuti nkhani yawo ili ndi mbali ziwiri. Don Black, amene anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, anamanga mabwalo a kapinga pamunda wake wa mapeyala ku Harare n'kumaphunzitsa yekha ana ake atatu. Byron ndi Wayne anapita ku University of Southern California, kumene anasewera m'matimu amene anatenga zikho za NCAA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1998 abale awiriwa anagonjetsa Australia kwawo komweko, ku Mildura, mumpikisano wa Davis Cup. Mlongo wawo Cara anadzakhala nambala 1 padziko lonse pamasewero a awiriawiri. N'zonyaditsa, koma tisaiwale kuti limeneli linali banja limodzi la azungu lokhala ndi malo akeake m'dziko limene nkhani ya malo inakhetsa magazi. Anawo atapuma, Zimbabwe inatsika pamndandanda wa maiko. Mabwalo anali kuseri kwa nyumba ya munthu, osati pasukulu, ndiye panalibe mzere wa ana ena oyembekezera kulowa. Bokosi la Wingfield lija linali litangosintha dziko.

Wina anganene kuti ndikulota masana. Gould ndi Tiley anali ndi ndalama zolipirira osewera sukulu, mabwalo a m'nyumba ndi madokotala a timu, pamene sukulu zambiri za ku Ntchisi zikusowa madesiki. Laketi ndi yodula, zingwe zake zimaduka, mpira umatha ubweya pakangopita masabata ochepa. Zonsezi ndikuvomera, ndipo sindikulonjeza munthu aliyense Wimbledon. Chimene ndikukana ndi maganizo oti vuto ndi simenti yokha. Pasukulu ya ukachenjede pamene ndikuphunzira pali mabwalo a tenesi amene anamangidwa kalekale. M'ming'alu yake mwamera udzu, ukonde unachoka ine ndisanabwere, ndipo Loweruka anthu amayanikapo zovala pawaya wa mpanda. Simenti ilipo. Kulibe munthu amene ntchito yake ndi kufika pamenepo 4 koloko iliyonse kwa zaka khumi.

Ndipo bwalo si lovuta monga timaganizira. La ntchemberembaye ndi lalitali mamita 30.5, m'lifupi mamita 15.25. Mizere ya tenesi imatenga mamita 23.77 ndi 10.97, choncho imalowa m'kati mwake, ngakhale malo othamangira kumbuyo amachepa. Kuyambira 2007 bungwe la tenesi padziko lonse, ITF, lakhala likulimbikitsa kuti ana aziyamba ndi mipira yofewa, yofiira, pa timabwalo ta mamita pafupifupi 11, ndipo timabwalo totere tingakwane tingapo chopingasa pabwalo limodzi la ntchemberembaye. Khoma la kalasi lopanda zenera ndi mnzako wosewera naye amene satopa. Ngati pali malo oyambira, ine ndingaloze makoleji ophunzitsa aphunzitsi, monga ya DAPP ku Dowa kapena Nalikule kufupi ndi Lilongwe, osati kalabu ina yatsopano mutauni. Matimu a osewera 6, anyamata ndi atsikana, opikisana koleji ndi koleji mwa dongosolo lija la mapointi anayi, angatulutse chaka chilichonse aphunzitsi amene anagwirapo laketi, oti boma lomwelo lidzawatumiza kwa Kasakula, kwa Nthondo ndi ku Chinthembwe.

Mapiri athu ali ndi zakezake zimene mphunzitsi woyamba adzayenera kuziphunzira. Malamulo a ITF amalola mpira wapadera pamalo okwera kupitirira mamita 1,219, chifukwa mpweya ukapepuka mpira wamba umathamanga kwambiri ndi kudumpha mopitirira. Mbali yaikulu ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi ili pamwamba pa mzere umenewu, monganso Harare ya ana a Black ndi Johannesburg ya Anderson, ndiye kukwera kwa malo sikungakhale chowiringula. Chimene chingavute kwenikweni ndi mphepo. Aliyense amene anadikirapo minibasi ku Dzaleka m'mwezi wa July akuidziwa. Mpira wa ntchemberembaye ndi wolemera, umapirira, koma wa tenesi sufika ngakhale magalamu 60, ndipo mphepo yotere ingaunyamule kukauponya m'munda wa mbatatesi. Bwalo loyamba la ku Dowa lidzafunika mpanda wa tsekera wautali kumbali yochokera mwera, ndi ana angapo a Sitandade 3 olola kukasaka mipira m'mizere.