MTENGO UTI UYAMBE? MBIRI YA CHIGAFA, SITIMA NDI LOBOTI

Abale anga a pa gulu, werengani mpaka pansi musanatumize kwina.

Mwezi watha ndinapita ku Kasungu kukakonza injini yopopa madzi pa munda wina wa fodya. Ndinapezako madala ena akuimika chigafa. Mnyamata wawo atafuna kukweza phaso mitanda isanamangidwe, anamukalipira: "Iwe, tsitsa! Mapanda alimbe kaye, kenako mitanda, phaso pambuyo." Analibe pepala, zonse zinali m'mutu. Akuti anaphunzira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a Press Farming ndi General Farming ankakula m'nthawi ya Kamuzu, zigafa ndi mabani zikumangidwa paliponse.

Ine wa kunyanja ndinakumbuka sitima ya Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, n'kubwera zidutswazidutswa zoposa 3,000 kudzera mu Zambezi ndi Shire, pa mathithi anthu akusenza pamutu. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala, koma mankhwala oteteza dzimbiri anakwirira manambalawo. Amisiri kwa Mponda anavutika pafupifupi zaka ziwiri kufufuza kuti ichi chigwirana ndi chiti, mpaka sitima inalowa m'madzi mu 1901. Zitsulo zonse zinalipo, chimene chinasowa ndi ndondomeko.

Vuto la madala aja ndi la kwa Mponda ndi lomwenso asayansi a NASA ku Langley, ku America, analimbana nalo cha m'ma 1990. Ankafuna makina oti adzamange okha mafelemu a zitsulo zolumikizana m'makona atatuatatu mumlengalenga, kumene munthu sangagwire ntchito nthawi yaitali. Loboti yawo inalumikiza ndodo 102, iliyonse ya mamita awiri. Kunyamula sikunali kovuta. Mutu unali pa dongosolo: ndodo iti iyambe kuti chomangidwacho chisagwe chili theka, ndiponso kuti mkono wa loboti usadzitsekere njira. Kompyuta imayesa njira zambirimbiri, nthawi zina kuyambira pa chinthu chomalizidwa n'kumachiphwasula chammbuyo, ngati mmene ine ndimamasulira injini ya boti n'kuyala mabawuti pa thumba motsatana. Pofika 2016, loboti inali itakhoma denga la nyumba ina ya yunivesite ya ETH ya ku Zurich ndi matabwa oposa 48,000.

Sindikunena kuti loboti ikubwera mawa ku Santhe kapena ku Chamama, ayi ndithu. Ndikuti anzathu analemba nzeru ya "chiti chiyambe" mpaka makina anaimva, pamene yathu ikupita kumanda ndi eni ake. Mitengo ikusowa, yadula. Chigafa chikagwa ndi mphepo fodya ali pa mikangala, ndalama za fizi zapita.

Ndiye muli ndi foni inu, akamamanga agogo jambulani, funsani chifukwa chake, lembani. Manambala athu asafufutike ngati a Chauncy Maples.

Tumizani kwa a ku Kasungu.