Nyumba ya Njerwa ya pa Blantyre ndi Kusinthika kwa Nyengo

Pokumbukira ife ciyambi ca Mishoni wa Blantyre, umene unakhazikika pa 23 October 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, kutiyenera kuima pang'ono pa nyumba ya Mulungu ya St Michael and All Angels, ndi kudzifunsa ngati idzafika kwa adzukulu athu monga inafika kwa ife.

Mbusa David Clement Scott anayamba kuimanga m'caka ca 1888, ndipo inaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891. Iye sanaphunzira za mamangidwe, ndi amuna a dziko lino amene anagwira naye nchito anatola luso lao pa khoma pomwepo. Njerwa anaziumba pompano m'zikombole za mtengo, naziocha ndi nkhuni, pakuti masiku aja mapiri a Ndirande ndi Soche anabvala mitengo. Anamanga makoma ocindikira ndi denga lalitali, kotero kuti m'katimo mukhala mthunzi wozizira ngakhale m'mwezi wa October, popanda makina ali onse. Nyali za magetsi zinalowamo m'caka ca 1912.

Koma nyengo imene makolo aja anaidziwa yasinthika. Utsi wa malasha ndi mafuta ootcedwa m'maiko onse wafunditsa dziko lapansi. Ndipo mpweya wofunda usenza madzi ambiri, nuwatsanula nthawi imodzi. Tinaona namondwe Idai m'caka ca 2019, Ana mu January 2022, ndi Freddy mu March 2023, pamene matope anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe; m'dziko lathu anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Mvula yotere ndiyo mdani wa nyumba yakale. Njerwa youmba pamanja iri yofewa, imwa madzi monga mbiya yatsopano. Ngalande ikatsekeka ndi masamba, madzi aima pa maziko, nakwera m'khoma pamodzi ndi mcere wa m'nthaka. Pakufika dzuwa mcerewo uuma, nufumbutsa nkhope ya njerwa. Wina wacangu akamata khoma lotere ndi simenti, atsekera cinyontho m'kati, ndipo njerwa ionongeka kuseri kwa cimene anayesa mankhwala. Cifukwa cace odziwa kusunga nyumba zakale agwiritsa nchito njereza, ndiyo laimu, imene ilola khoma kuuma. Tikumbukirenso kuti nkhalango zimene zinaocha njerwazi zinatha, ndi kuti m'caka ca 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pa nchito zazikuru zomanga. Potero njerwa iri yonse ya makolo iri ya mtengo wapatali, yosapezekanso msanga.

Ndipo kutentha pakukula, mtima wa munthu ufuna kutseka mazenera ndi kuika makina oziziritsa. Koma magetsi athu ambiri acokera m'mtsinje wa Shire, ndi madzi omwewo akhoza kuwazima. Namondwe Ana anaswa damu la Kapichira, dziko nilitaya ngati limodzi la magawo atatu a magetsi ace, ndi mdima unabwerabwera koposa caka. Masiku amenewo makina onse analeka, koma khoma locindikira silinaleka nchito yace, ndi zenera lotseguka linalowetsabe kuunika ndi mphepo.

Cifukwa cace, inu akulu a mpingo, aphunzitsi ndi alaliki, pobwerera ku midzi yanu yang'anirani nyumba zopemphereramo zimene munazilandira. Pisani ngalande mvula isanagwe. Bwezerani lata losekula tsiku lomwelo. Patutsani madzi acoke pa maziko. Musatseke mipata ya mphepo imene omanga anaisiya. Bzalani mitengo pa mtunda, kuti madzi atsike mofatsa. Izi sizifuna cuma cambiri, zifuna maso ndi manja a mpingo wonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makolo anatisiyira nyumba youma ndi yozizira; nafenso tiisiye yotero.