ZA NKHOKWE, MSONKHO NDI NGONGOLE KU BLANTYRE

Ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu okhala ku Blantyre, ena ku Ndirande, ena ku Limbe, ena ku Nkolokosa m'munsi mwa phiri la Soche. Mukamva kuti mwana wanu alandira malipiro mwezi ndi mwezi, nagona m'nyumba ya malata yokhala ndi magetsi ndi madzi a pa mpope, muyesa kuti walemera. Koma iye wokhala pakati pao adziwa kuti m'nyumba zambiri za kumeneko ndalama zitha mwezi usanafike pakati, ndipo masiku otsalawo banja lidya za ngongole. Chinthu chimenechi chili ndi mbiri yache, ndipo tiyesa kuti nkwabwino kuilondola kuyambira pa chiyambi. Pakuti sing'anga wodziwa polowera nthenda ndiye apeza msanga mankhwala ache.

MASIKU A NKHOKWE

Makolo athu a m'mapiri ano, Amang'anja ndi Ayao amene anadza pambuyo pao, sanadziwa ndalama. Chuma chao chinali mapira ndi chimanga m'nkhokwe, mbuzi m'khola, makasu, mchere ndi nsalu. Chuma chotere munthu achiona ndi maso. Nkhokwe ikatsika msanga mvula isanagwe, mai wa pa nyumba anachepetsa ufa wothira mu mphika, ndipo panalibe womuuza, nkhokwe yokha inali kumlangiza.

Koma tisanene kuti masiku aja ngongole kunalibe. Wosowa chakudya ananka kukasuma kwa abale, nabwera ndi dengu limene anayenera kulikumbukira chaka chamawa. Nchifukwa chache akuru anati kupatsa nkuika. Wopalamula mlandu waukuru analipa mbuzi kapena makasu, ndipo akalephera, eni mbumba anapereka munthu, kawirikawiri mwana, akhale chikole kufikira atamuombola. Ambiri sanaomboledwa. M'zaka za malonda a akapolo, wogwira chikole anakhoza kumgulitsa kwa a ulendo opita ku nyanja yamchere. Ndipo pa njala yaikuru ya 1862 ndi 1863, imene amishoni a ku Magomero anaiona ndi maso ao, anthu ena anadzipereka okha mu ukapolo kuti apeze chakudya. Chotero kuyambira kale lomwe, wosenza mtolo wa ngongole anali wofoka wa pa banja.

KUDZA KWA NDALAMA NDI MSONKHO

M'chaka cha 1876 amishoni a Eklesia wa ku Scotland anakhazika Mishoni ya Blantyre m'dziko la mfumu Kapeni. M'chaka cha 1878 anafika abale awiri, John ndi Frederick Moir, nayamba kampani ya malonda imene tonse tiitcha Mandala. Poyamba anchito analandira nsalu, zoyesedwa ndi mikwamba, ndipo ndalama zachitsulo zinalowa pang'ono pang'ono.

Chimene chinasanduliza zonse ndicho msonkho. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, Bwana Harry Johnston anaika msonkho, ndipo pofika 1894 nyumba iri yonse inalipa mashilingi 3 pa chaka, ndiwo ngati malipiro a mwezi wathunthu a munthu wolima m'munda wa Mzungu. M'chaka cha 1902 boma linauwirikiza kufika mashilingi 6, koma iye amene anagwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi analipa 3 okha. Taonani chachilendo chimene chinalowa pamenepo: mangawa okhala ndi tsiku lache, osayang'ana ngati mvula inagwa kapena iai, osalandira dengu la mapira kapena pepani wa mkuru wa mudzi. Olephera ena anatenthedwa nyumba zao, ena akazi ao anagwidwa kufikira amuna atalipa. Owerenga Malembo adzakumbukira mutu 5 wa buku la Nehemiya, pamene Ayuda anapinyolitsa minda yao chifukwa cha njala ndi msonkho wa mfumu, ana ao nalowa ukapolo kwa abale ao omwe. Zomwezo zinaoneka pakati pathu.

SITOLO, NJANJI NDI ULENDO WA KU JONI

M'chaka cha 1908 njanji inafika ku Blantyre kudzera ku Limbe, ndipo chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inatsegula nchito yache ku Limbe komweko. Amwenye anamanga masitolo, m'mene munali nsalu zokongola, mbale, nyali, sopo ndi shuga. Pambuyo pache kunadza njinga ndi makina osokera. Zinthu izi siziri zoipa, ndipo zina zinapeputsa moyo ndithu. Koma maso a munthu anayamba kuthamanga kuposa thumba lache.

Boma la masiku aja linaika lamulo lakuti wamalonda wosakhala wa dziko lino akakongoza munthu wakuda katundu wopitirira kandalama kochepa, bwalo la milandu silidzamthandiza kulonjerera. Iwo anati achita ichi kuti atchinjirize anthu ku ngongole. Koma lamulo lomwelo linatsekera khomo mmisiri wa matabwa, telala ndi wa kantini wofuna mpamba woti akuze nao nchito yache. Ndipo khomo la poyera likatsekedwa, anthu alowera pa zenera: anayamba kukongola mseri kwa anzao, pamene panalibe lamulo kapena mboni.

Chokoma chimodzi cha zaka zija ndicho banki ya ku Positi, imene inatsegulidwa Nkhondo Yaikuru ya 1914 isanayambe. Aphunzitsi, makalaliki ndi asilikari anaphunzira kusungitsa makobiri ao, nalembedwa m'kabuku.

Ena, poona kuti malipiro a kuno sakwanira msonkho ndi zobvala, anapita ku Harare ndi ku Joni. M'chaka cha 1935 akuru otumidwa ndi boma kukafufuza nkhaniyi anayesa kuti amuna a dziko lino okhala kunja anali ngati 120,000. Opita ndi Wenela sanalandira malipiro ao onse ku migodi. Gawo lina linasungidwa, nalilandira atabwera kwao. Ambiri anadandaula nalo lamuloli, koma ndi ndalama zosungidwazo mabanja ena anafolera nyumba ndi malata, nagula ng'ombe. Ena anakhala machona, nasiya akazi ndi ana m'mangawa. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Unayambanso pang'ono pambuyo pache, nutheratu m'chaka cha 1988.

NJALA YA 1949

Okalamba a ku Lunzu, ku Lirangwe ndi ku midzi yozinga Blantyre sanaiwala chaka cha 1949, pamene mvula inaleka chimanga chiri m'maondo. Mai Megan Vaughan, amene anafunsa opulumuka nalemba buku la njala imeneyi m'chaka cha 1987, anapeza kuti njalayo sinagwera onse mofanana. Amuna a pa nchito ya malipiro anali ndi pogwira, ndipo mabanja olandira ndalama kuchokera kwa abale a kunja anakhoza kugula chakudya. Osauka koposa anali akazi amene amuna ao anachoka ndi mau akuti akasuma, osabweranso, pamodzi ndi nkhalamba ndi ana. Mbuzi ndi katundu wa m'nyumba zinagulitsidwa pa mtengo wachabe.

Pamenepo anthu anaphunzira kuti ndalama yasanduka nkhokwe yachiwiri. Koma nkhokwe imeneyi iri ndi chirema chache: ya nsungwi itseguka pa malo amodzi, ndipo mwini aona msinkhu wa chimanga tsiku ndi tsiku, ya m'thumba ichucha ponse ponse, mwini wache osadziwa.

NYUMBA YOPANDA NKHOKWE

Blantyre ndi Limbe zinalumikizidwa kukhala mzinda umodzi m'chaka cha 1956. M'chaka cha ufulu, 1964, kunayamba bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation, ndipo nyumba zambiri za ku Nkolokosa zinamangidwa ndi bungwe limeneli, zoti akhalemo makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi amisiri, nalipa lendi mwezi ndi mwezi. Nyumbazo zinali zabwino, m'mizere yoongoka. Koma pa bwalo pache panalibe nkhokwe, ndipo kuseri kwache kunalibe munda wodyetsa banja. Wokhala kumeneko agula zonse: ufa, ndiwo, makala, madzi, kuunika, ngakhale ulendo wa ku nchito.

M'chaka cha 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha 2 kulingana ndi paundi imodzi. M'chaka cha 1994 boma linaleka kuigwira kwacha pa mtengo umodzi, ndipo inagwa kwambiri. Inatsitsidwanso m'chaka cha 2012. M'chaka cha 2022 inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndi m'chaka cha 2023 ndi magawo 44 pa 100. Nthawi zonsezi mitengo ya pa msika inathamanga ngati gwape, malipiro natsata pambuyo ngati kamba.

M'mpata wa pakati pa ziwirizi ndimo munamera katapila. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Munthu akongola K50,000, napangana kuti pa kutha kwa mwezi adzabweza ndi theka pamwamba, ndiyo K75,000. Mwezi watha, lendi ikudikira, ndipo iye akhoza kupereka K25,000 yokha ya chiongola dzanja. Akachita chotero miyezi 6, wapereka K150,000, ndiko katatu ka ndalama anatenga zija, koma K50,000 yoyambayo ikali chiimire. Okongoza ena asunga khadi la ku banki la wokongolayo, kuti malipiro akalowa ayambe ndiwo kutapa. Ena atenga wailesi, firiji kapena makina osokera. Kodi ichi chisiyana bwanji ndi chikole cha makolo? Kale anatenga mwana m'nyumba. Lero atenga fizi ya sukulu ya mwanayo, ndipo wosenza mtolo ali yemweyo.

NJIRA ZIMENE ANTHU ANAPEZA

Koma anthu athu sanakhala manja lende. Anchito a pa malo amodzi ndi akazi a pa msika anayamba chiperegani: ali yense asonkha ndalama yofanana, ndipo mwezi uno alandira uyu, mwezi wamawa uyo, popanda chiongola dzanja. Boma linaika lamulo la makoparetivu m'chaka cha 1946. Pambuyo pache, ndi chithandizo cha Eklesia wa Katolika, kunabadwa magulu osunga ndi kukongoza ndalama otchedwa SACCO, ndipo m'chaka cha 1980 anadzipangira bungwe lao lalikuru la MUSCCO. Banki m'khonde, imene bungwe la CARE linaiyamba ku Niger m'chaka cha 1991, inafika kunonso, nifala m'midzi ndi m'mizinda momwe. Ubwino wache ngwakuti chiongola dzanja chibwerera kwa eni ache omwe pa tsiku logawana.

Koma tichenjezane. Mai wolowa magulu atatu, nakongola kwa ili kuti abweze kwa ilo, wadzikumbira mbuna yomweyo ya katapila, ngakhale anaikumba pakati pa abwenzi. Maukwati ena apasuka chifukwa cha ngongole imene wina anaibisira mnzache.

CHIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Kwa inu ana athu a ku tauni tinena zinai. Choyamba, imangeni nkhokwe pa pepala: tsiku la malipiro mwamuna ndi mkazi akhale pamodzi, alembe zolowa ndi zoturuka, ayambe ndi za Mulungu, lendi, chimanga ndi sukulu, ndipo zokondweretsa maso zidze pambuyo. Chachiwiri, patulani kanthu tsiku lomwelo, ngakhale kachepe, monga Wenela anachitira ndi agogo anu mokakamiza. Inu chitani mwaufulu, pakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo. Chachitatu, siyanitsani ngongole ya mbeu ndi ngongole ya m'mimba: yogulira feteleza kapena makina ikhoza kudzibweza yokha, koma yogulira suti ya pa ukwati wa mnzanu siibala kanthu. Chachinai, ngati mwagwa kale, lembani mangawa onse osabisa limodzi, yambani kupha lija la chiongola dzanja chachikuru, ndipo pitani kwa wokongozayo iye asanadze kwa inu.

Ndipo kwa ife a ku mudzi mau alipo. Tisanatume uthenga wopempha ndalama, tikumbukire kuti mwana uja alibe munda, ndi kuti manyazi amletsa kunena kuti alibe. Kawiri kawiri ndalama imene atitumizira ndi ya katapila. Pa maliro ndi pa ukwati tisamsenzetse zonse chifukwa abvala nsapato. Pokolola timtumizire thumba la chimanga, nyemba ndi mtedza. Potero nkhokwe ya ku mudzi idzafika ku Nkolokosa, ndipo iyenso adzakhoza kutikumbukira pa nyengo ya feteleza. Akuru a mpingo nao asachite mantha kudzudzula Mkristu wodya katapila pa mbale wache, monga Nehemiya anadzudzula akuru a Yerusalemu, nawabwezetsa minda ya osauka.

Ambuye atipatse nzeru ya kuwerenga zimene tiri nazo, mtima wokhuta nazo, ndi chifundo pa iwo omangidwa ndi mangawa.