Masewera Opanda Zithunzi a Kenji Eno

Masewera a pakanema atayamba kufala m'zaka za m'ma 1970, opanga ake ankangoganiza za anthu openya. Komabe osaona sadadikire kuitanidwa. Choseweretsa chotchedwa Simon, chomwe chidatuluka m'chaka cha 1978, chidali ndi mabatani anayi, lililonse ndi kaliridwe kakekake, choncho munthu ankatha kusewera potsata khutu lokha. Umenewu udangokhala mwayi, pakuti ochipangawo sadalingalire za osaona.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuwaganizira mwadala adali Kenji Eno wa ku Japan, wopeka nyimbo yemwenso adali mwini kampani yopanga masewera ya Warp. Iyeyu atacheza ndi anthu osaona, adazizwa kupeza kuti ena mwa iwo ankasewera ngakhale masewera ofuna changu, akumangomvetsera phokoso. Apa mpamene adatsimikiza zopanga sewero loti woona ndi wosaona alimve mofanana.

Sewerolo, lotchedwa Real Sound: Kaze no Regret, lidatuluka m'chaka cha 1997 pa makina a Sega Saturn. Pagalasi la kanema sipankaoneka chithunzi chilichonse. Nkhani yake, yomwe idali yachikondi, inkamveka ngati sewero la pawayilesi, ndipo belu likalira wosewera ankasankha kumene nkhaniyo ilowere. M'bokosi la seweroli mudali malangizo a m'zilembo za Braille, komanso, chodabwitsa, kathumba ka njere zoti munthu akadzale.

Kuchenjera kwa Eno kudaonekera pokambirana ndi a Sega. Iwo ankafuna kuti seweroli likhale la makina awo okha. Eno adavomera, koma pokhapokha kampaniyo itapereka mwaulere makina 1,000 kwa anthu osaona; iye mwini adaonjezapo sewerolo pa makina aliwonse. Adadziwa kuti kupangira munthu sewero pomwe alibe poliseweretsa nkumunyoza chabe.

Malonda ake sadayende bwino. Politulutsanso pa makina a Dreamcast m'chaka cha 1999, adaikamo zithunzi zoti wofuna aziona. Makampani akuluakulu adangoyang'ana kumbali, ndipo ntchitoyi idatsalira anthu ochepa ogwira paokha, monga David Greenwood wa ku Canada, yemwe m'chaka cha 2001 adatulutsa Shades of Doom, sewero lankhondo loyendera phokoso.

Padapita zaka 23 kuchokera pa sewero la Eno kufika 2020, pomwe kampani ya Naughty Dog ya ku America idatulutsa The Last of Us Part II. Seweroli lidali ndi njira zoposa 60 zothandiza olumala, ndipo wosaona ankatha kulisewera mpaka kumapeto popanda womuthandiza. Ulendo uno osaona eni ake, monga Brandon Cole, adali pakati pa alangizi. Eno sadazione zimenezi, popeza adamwalira m'chaka cha 2013 ali ndi zaka 42.