Magetsi a sola pakhomo ku Petauke ndi Nyimba

Magetsi a sola ndi mphamvu imene banja limadzipangira kuchokera ku dzuwa popanda kulumikizidwa ku mawaya a kampani ya magetsi ya ZESCO. M'midzi yambiri ya ku Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, ndiwo amaunikira nyumba, kutchaja mafoni ndi kuyatsa wailesi.

Zipangizo zake ndi panelo, batire ya mavoti 12 ndi kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze mopitirira. Wofuna TV yaikulu kapena firiji amawonjezera invata. Panelo iyang'ane kumpoto, ndipo ipukutidwe kawirikawiri, chifukwa fumbi la m'chilimwe limachepetsa mphamvu. Chimene chimayamba kufa ndi batire, makamaka ikamatheratu usiku uliwonse. Batire ya galimoto, ngakhale ndi yotchipa, sikhalitsa pa ntchitoyi.

Nyimba ili ndi mbiri yake pankhaniyi. Cha m'ma 2000, ndi thandizo la bungwe la Sida la ku Sweden, kampani ya NESCO inaika masola a mawati 50 m'nyumba pafupifupi 100, eni nyumba n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Makampani otere analinso ku Chipata ndi Lundazi. Lero ambiri amagula sola pangongole, n'kumabweza pang'onopang'ono kudzera pa foni. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi a ZESCO ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo a m'tauni nawonso anathamangira sola.