Chipata Chopapatiza cha ku Makerere

M'masiku a atsamunda, pamene dziko la Zambia linkatchedwa Northern Rhodesia ndipo munalibe yunivesite ngakhale imodzi, mwana wa ku Vubwi amene mtima wake unakhumba maphunziro apamwamba anayenera kupirira monga Yakobo potumikira Labani. Atapambana Sitandade 6, ankafunafuna malo ku sekondale, makamaka Munali ku Lusaka, kumene ankalandira owerengeka okha. Ndipo pokhapokha atapata setifiketi ya Cambridge, napezanso womulipirira, kaya boma kaya amishoni, m'pamene zitseko za makoleji akunja a Makerere kapena Fort Hare zinkamutsegukira. Kunena zoona, ana anzeru ambiri anatsalira m'minda popanda chifukwa chawo. Pofika ufulu mu 1964, Zambia yense anali ndi eni dziko a digiri pafupifupi 100 okha, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966.