Kuziziritsa memori ya kompyuta ndi madzi: kodi kumawonjezera liwiro?

Mukatsegula bokosi la kompyuta ya pa tebulo, pafupi ndi purosesa mudzaona timatabwa tiwiri kapena tinayi, totalika masentimita 13, titaimirira m'mipata yake. Imeneyo ndiyo memori, imene amisiri amaichula kuti RAM. M'masitolo a ku Tete kapena ku Lichinga mudzamva akuti memória RAM. Nchito yake ndi kusunga kwa kanthawi zonse zimene kompyuta ikugwiritsa nchito pa nthawiyo, kaya ndi kalata imene mukulemba kapena masewero amene mwana akusewera. Magetsi akangothima, zonse za m'menemo zimafufutika.

Pali anthu amene sakhutira ndi liwiro limene memori inabwera nalo. Amalowa mu BIOS, kumene kumakhala malamulo oyendetsera zipangizo za kompyuta, n'kuikakamiza memoriyo kuthamanga kuposa muyeso wa kufakitale. Mcitidwe umenewu amauchula kuti overclocking. Ife pano tiziti kuthamangitsa. Ena mwa anthuwa amafika pogula zitsulo zodutsamo madzi n'kuzimangirira pa memori. Musanatulutse ndalama zanu kuwatsanzira, ndi bwino mudziwe cimene kutentha kumacita m'kati mwa timatabwa timeneti.

Ndowa zobooka

Memori ya mtundu umenewu anaitulukira ndi Robert Dennard wa kampani ya IBM m'caka ca 1966, ndipo nzeru yake sinasinthe mpaka lero. M'machipi akuda amene ali pa kathabwa muli tizipinda mabiliyoni. Kacipinda kalikonse kamasunga timagetsi tocepa zedi. Ngati timagetsito tilimo, kompyuta imawerenga 1. Ngati mulibe, imawerenga 0. Vuto ndi lakuti tizipindato timadontha. Ganizirani ndowa zobooka pansi zitandandalikidwa pabwalo, ndipo pali munthu amene nchito yake ndi kumangoyendayenda kuzidzaza zisanaphwe. Akacedwa, ndowa imene inali yodzaza ipezeka yopanda kanthu, ndipo 1 wasanduka 0.

Bungwe la JEDEC, limene limaika miyeso ya memori, linalamula kuti pa memori ya DDR4 kacipinda kalikonse kazidzazidwa kamodzi pa mamilisekondi 64 alionse. Amenewo ndi maulendo oposa 15 pa sekondi imodzi. Koma lamuloli limagwira nchito memori ikakhala yosapyola madigiri 85. Ikapyola pamenepo, kudzazako kumayenera kucitika kawiri pa nthawi yomweyo, cifukwa kutentha kumakulitsa kudontha. Gwirani mfundo imeneyi, ndiyo mutu wa nkhani yonse.

Tsono pamene memori ikudzaza tizipinda take, purosesa imadikira. Wothamangitsa safuna kudikira kumeneku. Amatalikitsa mpata wa pakati pa kudzaza, umene mu BIOS umalembedwa tREFI, n'kufupikitsa nthawi ya kudzaza kwenikweniko, imene imalembedwa tRFC. Amakwezanso magetsi. DDR4 inapangidwira mavolti 1,2. Mukayatsa XMP, imene ndi ndondomeko ya liwiro yokonzedweratu ndi opanga memori, kawirikawiri imapita pa 1,35. Othamangitsa olimba mtima amafika pa 1,5 ngakhale kupyola. Ndiye taonani zimene wacita munthuyu: wodzaza ndowa uja wamuuza kuti azibwera patalipatali, kwinaku waonjezera kutentha kumene kumakulitsa mabowo. N'cifukwa cake memori imene ikanapirira madigiri 85 pa liwiro la kufakitale imatha kuyamba kulakwitsa ca m'ma 50 ikathamangitsidwa kwambiri. Machipi a Samsung ochedwa B-die anachuka pa zinthu ziwiri zonsezi: amathamanga modabwitsa akapatsidwa magetsi ambiri, koma akatentha pang'ono sacedwa kuphonya.

Kuphonyako nthawi zina kumaonekera: masewero atsekeka okha, kapena sikirini yasanduka yabuluu. Koopsa ndi kumene sikuoneka. Nambala imodzi yasintha mwakacetecete, fayilo yasungidwa ili yowonongeka, inu mudzazindikira patapita mwezi pamene ikukana kutseguka. Kompyuta imene mumasungiramo maakaunti a bizinesi kapena magiredi a ophunzira si yoyeserapo zimenezi ayi.

Zimene madzi angathe ndi zimene sangathe

Kaziziritsidwe ka madzi kamafanana ndi ka injini ya galimoto. Pampu imakankha madzi m'mapaipi, madziwo amadutsa m'citsulo cimene cagunda cinthu cotentha, amatenga kutenthako n'kukakutaya ku rediyeta kumene mafani amakuuzira kunja. Madzi amanyamula kutentha kowirikiza kanayi poyerekeza ndi mpweya wolemera mofanana. Pa purosesa yaikulu, imene imatha kudya mawati oposa 200, kapena pa khadi la zithunzi ngati RTX 4090 la mawati 450, phindu lake ndi loonekeratu.

Nanga memori? Kathabwa kamodzi kamadya mawati owerengeka cabe, kucepera ngakhale babu la LED lowunikira cipinda. Kutentha kocepa coteroko sikufuna mtsinje. Cimene cimatenthetsa memori kawirikawiri ndi mpweya wongokhala osayenda: timatabwa tinayi tapanikizana, pansi pake khadi la zithunzi likufuka mpweya wamoto, palibe cokupiza. Fani wamba wa masentimita 12 woloza pa memori amatsitsa kutentha kwambiri, pa mtengo wocepa zedi poyerekeza ndi zitsulo, mapaipi ndi zolumikizira.

Ganizo loziziritsa memori ndi madzi si lacilendo. Kampani ya OCZ inagulitsa memori ya DDR2 yokhala ndi njira ya madzi ca m'ma 2006, Kingston inatulutsa HyperX H2O m'caka ca 2010, ndipo EK ya ku Slovenia yakhala ikupanga zitsulo zoika pa memori. Zaka zonsezi zapita, koma ogula ake akadali ocepa, ndipo ambiri mwa iwo amagulira kukongola kwake.

Pali cinthu cina cimene inu a m'cigwa ca Zambezi muyenera kuciganizira kuposa munthu wa kumaiko ozizira. Madzi a m'mapaipi sangazizire kuposa mpweya wa m'cipinda. Paja madzi a mumtsuko amazizira cifukwa ena amatuluka m'dothi la mtsukowo n'kuuluka ndi mphepo, kutenga kutentha. Madzi a m'kompyuta ndi otsekeredwa, saulukira kulikonse. Rediyeta imangowatsitsa kuyandikira kutentha kwa mpweya umene fani akukoka, basi. Ku Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kupyola madigiri 40. Ngati cipinda cili pa 40, ndipo madzi omwewo akudutsanso pa purosesa ndi pa khadi la zithunzi n'kukwera ndi madigiri 10, memori yanu ikusamba madzi a madigiri 50. Pamenepo citsulo cimene munagula kuti ciziziritse cikutenthetsa. Wa ku Lichinga kapena ku mapiri a Angónia ali ndi mwayi pa nkhaniyi, osati cifukwa ca zipangizo, koma nyengo.

Dziwaninso kuti madzi paokha sawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Amangothandiza kuti liwiro limene machipi anu angathe kale lisagwe pamene kwatentha. Malire enieni amaikidwa ndi ubwino wa machipiwo, bolodi lalikulu limene memori imalowamo, ndi kagawo ka m'purosesa kamene kamayendetsa memori. Cimodzi mwa zitatuzi cikakana, ngakhale mutabweretsa madzi oundana palibe cimene cisinthe. Ndipo liwiro lowonjezekalo mungalione pa mapulogalamu oyezera ndi pa masewero ena. Polemba kalata kapena poonera kanema simudzamva kusiyana.

Kuika citsuloco kuli ndi ngozi zake. Memori yambiri yothamanga imabwera itavekedwa malata oziziritsa amene anamatidwa pa machipi. Kuti muike citsulo ca madzi muyenera kumatula malatawo, ndipo mukakoka mwamphamvu chipi imazuka pamodzi ndi guluu. Kathabwako kafa, ndipo sitolo sidzakalandiranso. Cilumikizo ciliconse cowonjezera ndi malo ena podonthera madzi pamwamba pa magetsi. Kopa ndi aluminiyamu zikakumana m'njira imodzi ya madzi, aluminiyamuyo amadyeka. Madzi a pacitsime kapena a pampopi nawo sayenera, amasiya mcere ndi ndere. Pamafunika madzi osungunulidwa kapena mankhwala ake.

Kodi ndiye kuti palibe amene angapindule? Alipo, koma ndi ocepa. Memori ya DDR5, imene inafika m'masitolo m'caka ca 2021, ili ndi kachipi kogawa magetsi pa kathabwa pomwepo, ndipo kameneka kamawonjezera kutentha. Muyeso wake ndi mavolti 1,1. Munthu amene waikweza kupyola 1,45, watalikitsa tREFI mpaka kumapeto, ndipo kompyuta yake ili kale ndi pampu ndi marediyeta akuluakulu m'cipinda cozizira, ameneyo citsulo ca madzi cingamusungire memori pa kutentha kosasinthasintha. Iye wangowonjezera cinthu cimodzi pa zimene ali nazo kale. Kumanga njira yonse ya madzi cifukwa ca memori yokha, ine ndimati n'kumanga nkhokwe posungira cisononkho cimodzi.

Ngati mukufunabe kuthamangitsa, yambani ndi kuyatsa XMP, kapena EXPO ngati purosesa yanu ndi ya AMD ya masiku ano. Gawo lalikulu la phindu lili pomwepo. Kenako yezani musanagule kanthu. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa timatabwa ta DDR5, ndi ta DDR4 tina timene tili ndi koyezera. Yesani memoriyo maola angapo ndi MemTest86 kapena TestMem5, ndipo muziyesa masana kukutentha, bokosi litatsekedwa monga limakhalira masiku onse, osati mbandakuca. Cholakwika ngakhale cimodzi cikapezeka, ikani fani n'kuyesanso. Cikapezekabe, bwezani liwiro m'mbuyo. Kompyuta ikakana kuyaka mutasintha manambala mu BIOS, musacite mantha: zulani waya wa magetsi, cotsani kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bolodi kwa mphindi zingapo, n'kukabwezeretsa. BIOS idzabwerera ku miyeso ya kufakitale.